Mpando wa Apongozi

Njinga yamoto ya Gerevazio inkaseketsa anthu a kabaza a pa Kasina, ndipo mwini wake ankadziwa, koma sizinkamupweteketsa mutu. Inali yaifupi msinkhu, yaitali thupi, chishalo chake chotakata ndi chofewa. Mahandulo ake anali obwerera m'mbuyo, moti munthu poyendetsa ankakhala mowongoka, miyendo ili kutsogolo, ngati wakhala pakhonde kudikira tiyi. Injini yake inali yaing'ono. A kabazawo anaipatsa dzina loti Sofa.

"Imeneyi ingasenze matumba awiri a kachewere?" ankamufunsa akamadutsa pa siteji pawo.

"Ine sindinagule ngolo," iye ankayankha osacheuka n'komwe.

Gerevazio anali mlimi wa kabichi ndi tomato, munthu wosachedwa kukhulupirira nzeru zake, ndipo chomvetsa chisoni kwa omuda n'chakuti nthawi zambiri nzeruzo zinkagwira ntchito. Chimene ankanyadira kwambiri pa Sofa si kufewa kwa chishalo ayi, koma kusamwa mafuta. Ankauza aliyense wofuna kumva, ngakhalenso wosafuna, kuti akadzaza thanki amapita ku Mphunzi kwa apongozi ake, n'kubwerako, n'kutsalanso petulo wopitira ku Misa. Izi sizinali zabodza. Anali ataziyesa kangapo konse.

Chaka chimenecho, m'nyengo yozizira, mkazi wake Pilira anali woyembekezera ndipo masiku ake anali atayandikira. Mimba ziwiri zam'mbuyo zinapita padera, choncho panyumbapo panali mantha amene palibe ankawatchula. Tsiku lina akutola nyemba pa lichero, Pilira anangoti, "Ulendo uno sindikalowa m'chipinda cha kuchipatala chija popanda amayi."

"Ndikawatenga," anatero Gerevazio msangamsanga.

Pilira anamuyang'ana, n'kuseka kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. "Mukawatenga pa chiyani?"

Funsolo linali lolemera. A Magadalena, amayi ake a Pilira, anali munthu wa mwambo wouma. Chikwatireni mwana wawo, anali asanamuyang'anepo Gerevazio kumaso, asanamulankhulepo mwachindunji, asanakhalepo naye pamphasa imodzi. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'udzu. Ansembe anali atalalikira kangapo kuti ulemu sufuna kuthawana chotero, ndipo a Magadalena ankavomera ndi mutu m'tchalitchi, n'kukapitiriza zawo kunyumba. Kuwonjezera apo, wa kabaza wina anawagwetsapo m'ngalande n'kuwavulaza chiuno, moti analumbira kuti sadzakweranso njinga ya munthu wachilendo. Ana awo aamuna onse anali ku Joni. Wotsala yekha anali mkamwini, ndipo panjinga yamoto wokwera kumbuyo sangalephere kumukhudza woyendetsa.

Gerevazio sanataye mtima. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. M'mawa mwake anali pa Linthipe, kwa a Bakali owotcherera zitsulo, akujambula pansi ndi kamtengo.

"Apa chotsamira, chachitali, cha siponji. Mbali zonse zogwirira, kuti manja awo akhale ndi pokhala. Kumanzere kuno popondera potakata, chifukwa iwo amakhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi. Ndiyeno apa, pakati pa ine ndi iwo, thabwa."

A Bakali anakweza magalasi awo akuda n'kuwasiya pamphumi. "Thabwa la chiyani, achimwene?"

"Lotchinga. Ndi apongozi."

"Ooh!" A Bakali anaseka mpaka kutsamira khoma. "Ndiye mukufuna njinga kapena nyumba ya zipinda ziwiri? Tiikenso chitseko kuti muzigogoda?"

Komabe anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse, chifukwa nawonso anali ndi apongozi. Anawotcherera zonse kukhala chimpando chimodzi, koma pochilumikiza kunjinga anakana kuwotcherera. Anachimanga ndi mabawuti. "Zinthu za apongozi zimasintha," anatero pomupatsa sipanala yomasulira. Gerevazio atadutsa pa siteji madzulo amenewo, a kabaza anaimirira onse kuwomba m'manja, ena akufunsa ngati abishopu akubwera. Iye anangowakwezera dzanja.

Sabata imeneyo mafuta anali atasowa. Pamalo omwetsera panali mizere ya galimoto zogona pomwepo, ndipo maminibasi oyenda anali owerengeka. Gerevazio, amene anadzaza thanki vutoli lisanafike, ankayenda chifuwa chili patsogolo. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu anali atalumbira kuti sadzalowa m'njinga yake, chifukwa ena amathiramo palafini.

Tsiku la ulendo kunacha ndi nkhungu ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Gerevazio anaitana mlongo wake Tikondwe kuti atsale ndi Pilira, n'kunyamuka. Panjira anamva kuti Sofa yalemerako, komanso thabwa lija linkagwira mphepo, koma anati ndi zazing'ono.

Ku Mphunzi anapeza a Magadalena atakonzeka kale, atavala juzi ziwiri, korona ili m'khosi. Gerevazio ananjuta patali, maso pansi. Mayiwo anazungulira njingayo pang'onopang'ono. Anadina siponji ndi chala, anagwedeza zogwirira, anagogoda thabwa lija n'kumvetsera kulira kwake. Pakhomopo panalibe munthu wina woti n'kuwadutsira mawu, choncho anayang'ana nyali ya njinga n'kuyamba kulankhula nayo.

"Iwe njinga, umuuze mwini wako kuti thabwali ndalikonda. Anthu aulemu akadalipo m'dziko muno."

Mtima wa Gerevazio unadzaza. Nayenso anayang'ana thanki. "Njinga, uwauze amayi kuti sagwa. Ine ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira."

"Umuuze kuti ndiye bwino, chifukwa mazira alipo."

Analipodi, m'kachitini ka utuchi. Panalinso thumba la ufa woyera, chifukwa mayi wochira kumene sadya ufa wogula. Panali nyemba, mabulangete awiri, beseni lalikulu, ndi nkhuku yomangidwa miyendo imene inkayang'ana zonsezi mokayikira. Gerevazio anaona mulu umenewu, n'kuyang'ana thanki yake. Kodi mkamwini angauze apongozi kuti katundu wawo wachuluka? Anamanga zonse ndi malamba a mphira, njinga n'kukhala pansi ngati bakha.

Atangotuluka m'mudzi, mawu anamveka kuseri kwa thabwa. "Njinga, umuuze mwini wako kuti tidzere kwa a Alufeo. Mwana sangabadwe malume a mayi wake osadziwa."

A Alufeo anali mlongo wawo wa a Magadalena, mwini mbumba, ndipo ankakhala m'tsinde mwa Chongoni, kumapeto kwa kamsewu kokwera kodzaza miyala. Sikunali panjira m'pang'ono pomwe. Foni analinso nayo, ndipo Gerevazio anali ndi nambala yake. Koma nkhani yotere kwa a Magadalena sinali yoti n'kuuza munthu osamuona.

"Njinga, uwauze amayi kuti palibe vuto," anatero, akukhota.

Anakwera chitundacho pa giya yoyamba, injini ikubuula, nkhuku ikudandaula. A Alufeo anawalandira, anamva uthenga, anaudalitsa, kenako anawonjezera pa katundu uja dzungu lalikulu. Gerevazio analithokoza dzungulo ndi manja awiri, mumtima akulitukwana.

Koma kunena zoona, ulendowo unkakoma. Atafika pa tala, Sofa inayamba kuonetsa chimene anaipangira. Inkayenda mosalala, yosagwedeza chiuno cha munthu, dzuwa litayamba kuboola nkhungu pamwamba pa mapiri. A Magadalena anatsamira siponji yawo, manja pa zogwirira, n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya Maria. Anthu m'mbali mwa msewu ankasiya zochita kuti aone mayi wokhala pampando ngati mfumukazi, mkamwini ali kutsogolo kwa thabwa. Gerevazio ankamva kukoma mpaka m'mano. Ankadziwa kuti nkhani imeneyi ikafika pa siteji iye asanafike.

Injini inatsokomola asanafike pa Linthipe.

Iye anadziwa tanthauzo lake. Anatsitsa dzanja lamanzere pansi pa thanki n'kutembenuza kampopi kuti katsegule rizevu, petulo wapansi wosungira tsoka. Injini inadzukanso. Koma chiyambireni maulendo ake a ku Mphunzi anali asanatembenuzepo kampopi kameneko. Mawerengero ake onse anali a munthu mmodzi pa njinga yopanda zitsulo, yopanda thabwa, yopanda dzungu.

Pa Linthipe anameza lumbiro lake n'kuima pa ogulitsa m'mabotolo. Mabotolowo anali ndandanda pa benchi, onse opanda kanthu. "Watha dzulo, bwana," anatero mwini wake, akuyang'ana mpando uja mosirira. "Ngakhale wosakaniza palibe."

"Njinga, umufunse mwini wako ngati kuli bwino," anatero a Magadalena.

"Njinga, uwauze amayi kuti ndimangopereka moni."

Kuyambira pamenepo anayendetsa ngati munthu wothira mchere wotsiriza m'ndiwo. Pa mtsetse uliwonse ankazimitsa injini, njinga n'kumatsika yokha mwakachetechete. Pa chitunda ankailiza pang'onopang'ono, osaikakamiza. Anali ndi chikhulupiriro chonse kuti afika, ndipo anatsala pang'ono kulondola. Sofa inafa pakati pa chitunda chachitali, pamalo poti munthu ukafika pamwamba pake umayamba kuona patali mitengo ya ku mishoni ya Kasina, kumene kuli chipatala. Inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.

Asanatsike n'komwe, foni inalira m'thumba. Anali Tikondwe, mawu ake akuthamanga.

"Achimwene, muli pati? Zayamba. Tafika kale kuchipatala. Alamu akungoitana amayi awo, akukana kulowa, anamwino akuti nthawi palibe."

"Uwauze kuti tafika," anatero Gerevazio. "Tili pafupi."

Foniyo inali yokweza mawu, ndipo thabwa silitchinga makutu. Kumbuyo kuja nyimbo inali itasiya.

Panali njira imodzi, ndipo iye ankaidziwa. Thanki ya njinga yotere imakhala pa chitsulo chapakati ngati thumba pamsana pa bulu, mbali ziwiri zikulendewera. Kampopi kali kumanzere. Petulo akatha mbali imeneyo, kumanja kumatsalira wina wochepa amene sangawoloke yekha. Ukaigoneka njinga kumanzere mpaka pansi, petuloyo amawolokera ku kampopi, ndipo amakwana kuyenda kamtunda ndithu ngati njinga yapepuka.

A Magadalena anatsika okha n'kukaima pambali, atafulatira. Gerevazio anamasula katundu yense, anagwira mahandulo, n'kuipendeketsa njinga. Inangopendekeka pang'ono n'kuima. Popondera paja, potakata bwino, pa chitsulo cholimba cha a Bakali, panagunda pansi n'kuichirikiza. Anayesanso mwamphamvu, anaikankha ndi bondo, koma ntchito ya a Bakali sinali yamasewera. Mpando umene anaunyadira tsiku lonse ndi umene unkakaniza njinga kugona.

Anatulutsa sipanala n'kuima nayo m'manja. Kumasula mpandowo kunali kosavuta. Koma kuubwezera kukanadya nthawi imene analibe, ndipo kulemera kwake kukanamaliza kapetulo kaja asanafike pamwamba pa chitunda. Popanda mpando, chotsala chinali chishalo chokha, chimodzi, cha anthu awiri ogundana. Anachita manyazi mpaka makutu kutentha, komanso anachita mantha, chifukwa ankamuona Pilira m'maganizo ataima pakhomo la chipinda chija akukana kulowa.

"Njinga," anayamba, "uwauze amayi kuti ine ndinalakwitsa mawerengero. Uwauze kuti kuti tifike, mpandowu uyenera kutsala pano, ndi katundu yemwe. Uwauze kuti ngati sangathe, ine ndimvetsa, ndithamanga wapansi kukafuna..."

"A Gerevazio."

Anaima. Dzina lake anali asanalimvepo likutuluka pakamwa pamenepo.

"A Gerevazio, njingayi ilibe mwana m'chipatala. Mwana ndi wanga, mkazi ndi wanu. Masulani zitsulo zanuzi."

Sipanala inagwira ntchito imene sinaigwirepo. Mabawuti anagwa m'fumbi limodzilimodzi, ndipo a Magadalena ankawatola n'kumawamanga pa nsonga ya chitenje, chifukwa ngakhale pa tsoka iwo sankataya chinthu. Chimpando chija chitachoka, awiriwo anachinyamula, wina uku wina uku, n'kukachisiya pakhomo la nyumba ina ya m'mbali mwa msewu pamodzi ndi ufa, nkhuku ndi dzungu. Mayi wa panyumbapo atamva kuti ndi za kuchipatala sanafunsenso zambiri.

Gerevazio anaigoneka Sofa mpaka handulo kukhudza dothi. Anamva kaphokoso kakang'ono m'thanki, ngati munthu akumeza. Anaidzutsa, anaponda cholizira injini kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu injini inayankha.

Anakhala kutsogolo kwenikweni kwa chishalo, pafupifupi pa thanki, kuti asiye malo ambiri. A Magadalena anakwera chammbali monga mwa nthawi zonse, bulangete limodzi lili pamiyendo. Kwa kanthawi manja awo anafunafuna zogwirira zimene kunalibe. Kenako dzanja lamanja linazungulira m'chiuno mwa mkamwini wawo n'kugwira jekete mwamphamvu. Iye anamva korona yawo ikumudina pamsana.

"Tiyeni," anatero. "Ndipo za mazira zija muiwale. Thamangani."

Sofa, itapepukidwa, inakwera chitundacho ngati yaiwala ukalamba. Pamwamba Gerevazio anazimitsa injini n'kuisiya itsike yokha, mphepo ikulira m'makutu, kenako anailizanso pa chigwa. Pa mabampu a Magadalena ankamugwira kwambiri, ndipo penapake anamuuza kuti apewe dzenje limene iye anali ataliona kale. Anadutsa pa siteji ya kabaza osaona n'komwe amene analipo. Petulo anathera pa geti la chipatala penipeni, njinga n'kuyenda yokha mpaka pamthunzi wa mtengo.

A Magadalena anatsika isanaime bwino. Munthu wa chiuno chovulala uja anathamanga, bulangete m'manja, akuitana dzina la mwana wawo. Kuchokera m'kati munamveka mawu a Pilira akuti, "Amayi!" ndipo chitseko chinatsekedwa.

Gerevazio anakhala pa chishalo cha njinga yake yopanda mafuta. Analibe chochita, ndipo kwa munthu ngati iye chimenecho chinali chilango. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, ena kawiri. Anapukuta fumbi pa thanki ndi mkono wa jekete. A kabaza awiri anabwera kudzafunsa kumene mpando wa abishopu wapita, koma ataona nkhope yake anangokhala naye pansi.

Dzuwa litapendeka, Tikondwe anatuluka akuseka ndi misozi yomwe, n'kumuuza kuti ndi mwana wamkazi, wamoyo, wolira mokweza, ndipo mayi wake ali bwino. Gerevazio anathokoza Mulungu mokweza.

Patapita kanthawi a Magadalena anatulukanso, juzi imodzi atavula, manja akununkha sopo. Mwa chizolowezi, Gerevazio ananjuta n'kugwetsa maso, akuyembekezera kuti alankhula ndi njinga. Koma iwo anabwera molunjika n'kuima patsogolo pake. Anamasula nsonga ya chitenje n'kumuthira mabawuti aja m'manja.

"Mawa mukapeze mafuta, mukatenge katundu uja. Nkhuku ija ndi yanu, ndikuphikirani ndekha. Chotsamira mubwezerepo, msana wanga ndi wachikulire. Zogwirira ndi zopondera, muone nokha."

"Nanga thabwa, amayi?"

"Thabwalo muliwaze. Mwana afuna madzi ofunda."

Gerevazio anavomera ndi mutu, maso akadali pa mabawuti. Koma mapazi a apongozi ake sanachoke pamene anaima.

"Tadzukani," anatero. "Anamwino akundifunsa kuti mwanayu wafanana ndi ndani, ine ndikusowa choyankha. Dzutsani nkhope ndikuoneni."

Anaimirira, n'kudzutsa nkhope. A Magadalena anamuyang'ana nthawi yaitali, mosathamanga, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ngati mmene anayenderera mpando uja m'mawa. Maso awo anali ofiira ndi kulira, koma pakamwa pankanjenjemera ndi kuseka.

"Ee," anatero potsiriza. "Mphuno ija ndi yanu, mwana wanga."